Afro-Left akuyimba chilankhulo chanji? Mkangano wa pa gulu pa chimbale cha Leftism

Tada wa ku 25: Anthu a pa gulu mwaswera bwanji. Ndili ndi funso kwa inu odziwa nyimbo zakunja. Pa chimbale cha gulu la Leftfield chija chotchedwa Leftism, nyimbo yachiwiri Afro-Left, bambo akuyimbayo akuyankhula chilankhulo chanji? ndabwereza bwereza koma sindikutolapo kanthu, si Chiswahili, si Chizulu, kaya ndi za ku Nigeria kapena ku Senegal uko

Ras wa ku Chileka: kkkkkk winanso wagwidwa

Tada wa ku 25: ndagwidwa bwanji achimwene, ndangofunsa ine

Ankolo Vinyl: Mwanawe usavutike kufunsa anthu a ku West Africa, palibe chilankhulo pamenepo. Woyimbayo dzina lake ndi Neil Cole, pa nyimbo amadzitcha Djum Djum, ndipo mawu onse aja anangopeka yekha kuti azigwirizana ndi ng'oma. Kwa nthawi ndithu anthu kuno ku UK ankauzana kuti ndi chilankhulo china chake cha ku Africa, mpaka zinadzadziwika kuti ndi zongobwebweta basi.

Tada wa ku 25: Haaa ayi ankolo mukunama 😭 ine ndimafuna ndipeze tanthauzo lake

Aphunzitsi a ku Zomba: Sakunama. Ndipo apa mpamene ine chimbale chimenechi chimandinyansira pang'ono, olo anthu achitamande chotani. Anyamata awiri a ku England, Neil Barnes ndi Paul Daley, kutenga dzina loti Afro kuika pa nyimbo, mkati mwake mulibe liwu ndi limodzi lomwe loti munthu wa ku Africa angamve, kenako olemba m'magazini nkuwomba m'manja kuti eee anyamata awa aphatikiza nyimbo za dziko lonse lapansi. Africa yake iti? Kontinenti yonseyi zilankhulo mazanamazana, analephera kupeza chimodzi?

Kamnyamata ka Mixer: Aphunzitsi mwayamba kale mmawa uno kkkk dikirani kaye ena sakuchidziwa nkomwe chimbalecho, ankolo tafotokozani kuchokera pachiyambi

Ankolo Vinyl: Chabwino. Leftism inatuluka pa 30 January 1995, pa kalebulo kawo komwe ka Hard Hands mothandizana ndi Columbia. Pa CD pali nyimbo 11, koma ya vinyl inali mbale zitatu, yanga ndikadali nayo yakhanda khanda mbali ina. Inafika pa nambala 3 pa tchati cha zimbale ku UK, zomwe nthawi imeneyo kwa anthu opanga nyimbo za m'makalabu sizinali zamasewera, inadzagulidwa mpaka kufika platinum. Muyenera kumvetsa kuti masiku amenewo nyimbo za dansi zinkatuluka imodzi imodzi pa mbale za 12 inch, DJ agule aseweretse mwezi umodzi iwiri kenako aiwale, nde anthu ambiri makamaka okonda magitala ankati nyimbo za makinazi sizingapange chimbale choti munthu nkukhala pansi kumvera kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ichi chitatuluka olemba a magazini a NME, Q, Mixmag ndi ena anachilandira ndi manja awiri, ndipo mpaka pano mukaona mndandanda wa zimbale zabwino za dansi za ku Britain simuchisowa.

Ankolo Vinyl: Anyamatawo onse awiri anayamba ngati oyimba ng'oma zamanja, ma conga ndi ma bongo, Barnes ankayimba samba ku London komweko, Daley anayimbako ndi Brand New Heavies. Nchifukwa chake ng'oma zawo olo zili za makina zimamveka ngati pali dzanja la munthu.

Nachisale wa ku Jozi: ine ndamvera dzulo Tada atatumiza link, kunena zoona sindinamve chodabwitsa, ndi bho koma mpaka anthu kumalemba kuti chimbale cha mbiri? ndinagona pa nyimbo yachitatu

Kamnyamata ka Mixer: mumamvera pa chani sisi

Nachisale wa ku Jozi: pa foni

Kamnyamata ka Mixer: Basitu mlandu watha. Kumvera Leftism pa sipika ya foni kuli ngati kunyambita chivundikiro cha poto nkumati ndiwo zake sizikukoma. Theka la chimbalecho lili pansi ku bass, foni siyingatulutse zimenezo olo mutani. Ine tsiku lina nditamaliza kulumikiza zida pa holo ya ukwati anthu asanafike ndinayika Inspection Check One kuyesa ma sub, mawindo a malouvre aja anayamba kulira okha, supuni zomwe amayi okongoletsa anali atayala pa tebulo zikuyenda pang'ono pang'ono kulowera m'mphepete, mayi wina anabwera kudzandifunsa ngati jenereta yawonongeka. Nyimbo yachitatu mwagonapoyo ndi Melt, imeneyo anaipanga dala kuti munthu upume ukachoka pa Afro-Left.

Nachisale wa ku Jozi: nde chimbale chofuna ma sub a pa ukwati kuti chikome ndi chabwino bwanji, amapiano amakoma olo pa kafoni ka mabatani

Kamnyamata ka Mixer: log drum pa kafoni ka mabatani?? sisi musatinamize kkkk

Ankolo Vinyl: Zoti bass yawo inali yoopsa si nthano. 1996 atakayimba ku Brixton Academy ku London phokoso linachuluka mpaka fumbi ndi pulasitala zinayamba kugwa kuchokera kudenga, eni malo analetsa zida zimenezo kuti zisadzalowenso. Chikuto cha chimbalecho mwachiona? Sipika ili mkati mwa nsagwada za shaki. Ankadziwa chomwe akugulitsa.

Ras wa ku Chileka: Tsono apa ndilowepo ine. Bass imene mukuitamayo anaitenga kuti? Ku Jamaica. Chimbale chonsecho mafupa ake ndi dub, zomwe King Tubby ndi Lee Perry ankachita ku Kingston m'ma 1970, kuchotsa mawu, kusiya ng'oma ndi bass, kuponya echo. Nyimbo yoyamba Release the Pressure akuyimba ndi Earl Sixteen, rasta weniweni wobadwira ku Kingston, anajambulako ku Studio One, anagwirako ntchito ndi Lee Perry ndi Mikey Dread asanasamukire ku England. Inspection akuyimba ndi Danny Red. Ife okulira pa reggae ukangomva poyambira pa chimbalechi umadziwa kuti uli kwanu. Koma funsani munthu wamba wa ku England kuti ndani anayimba pa Leftism, akuuzani John Lydon basi.

Tada wa ku 25: John Lydon nde ndani

Ras wa ku Chileka: mwana iwe kkkk Johnny Rotten wa Sex Pistols, kenako Public Image Ltd

Ankolo Vinyl: Amene akukuwa pa Open Up, nyimbo yachiwiri kuchokera kumapeto. Imeneyo inatuluka payokha kale mu 1993 nkufika pa nambala 13. Nkhani yake ndi yoti m'nyimbomo amakuwa kuti Hollywood ipse, nde mwatsoka nthawi yomweyo moto wolusa unabuka m'mapiri a kufupi ndi Los Angeles nyumba zikupsa zenizeni, a pulogalamu ya The Chart Show pa ITV anachotsa vidiyo yake. Mukudziwa kale zimene zimachitika nyimbo ikaletsedwa, aliyense amafuna aimve.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ras wanena mfundo yomwe ndimafuna kufikapo. Maganizo anga ndi oti olemba nyuzipepala za nyimbo ku Britain nthawi imeneyo ambiri anali anthu a rock, ndipo kuti avomereze chimbale cha dansi pankafunika nkhope yoti aidziwa. Apa anapatsidwa awiri, Lydon ndi Toni Halliday wa gulu la Curve amene akuyimba Original. Chitseko chinatsegukira pamenepo. Zoti ndi chimbale choyamba cha dansi chomveka ngati chimbale zija ndi zokokomeza, Orbital inali itatulutsa kale zimbale, Underworld inatulutsa dubnobasswithmyheadman mu January 1994 chaka chathunthu m'mbuyo, The Prodigy ndi Music for the Jilted Generation inafika pa nambala 1 mu 1994 momwemo. Nde tisamakambe ngati Leftfield inagwa kuchokera kumwamba.

Ankolo Vinyl: Aphunzitsi pa madeti sindikutsutsani, koma zoti anatenga Lydon kuti asangalatse olemba nkhani ayi. Lydon yekhayo ndi munthu wa reggae kuyambira kale, anapita ku Jamaica mu 1978 Sex Pistols itangotha, ndipo bass ya Public Image Ltd ndi dub yokhayokha. Lydon ndi Barnes anakulira ku London komwe kuli anthu ambiri ochokera ku Jamaica ndi ma sound system a ku Notting Hill Carnival. Si kuti anapita kukaba chinthu kutali, chinali pa msewu pawo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Sindinati anaba. Ndati amene anatamandidwa ndi ndani

Ras wa ku Chileka: apo nde pomwepo

Mai a Mapasa: Pepani kulowerera, ine za ma tchati sindizitsata koma nkhani ya chilankhulo chopekayo ikundiseketsa chifukwa ife tomwe tili ana tinkayimba nyimbo za Chizungu ndi za Chilingala za pa wailesi mawu ake tikungopeka, kwasa kwasa yense uja ndani ankamva zomwe Kanda Bongo Man akunena? timangoyimba zathuzathu nkumavina mpaka fumbi. Komanso nyimbo zathu za pa mtondo ndi za kumaliro zomwe muli ma eee yaye, ma olile, oyaye amene satanthauza kanthu koma ukawachotsa nyimbo yafa. Nde munthu akapanga dala zomwezo walakwa chani

Aphunzitsi a ku Zomba: Mayi kusiyana kwake ndi koti inu simunajambule chimbale nkuchitcha Congo-Left nkukagulitsa kwa anthu osadziwa Chilingala. Mwana woyimba zopeka pabwalo sakunamiza munthu. Apa omvera ambiri anakhulupirira kuti akumva Africa.

Mai a Mapasa: koma kodi iwowo ananena kuti ndi chilankhulo? kapena omverawo anangoganiza okha

Kamnyamata ka Mixer: funso limenelo 🔥

Aphunzitsi a ku Zomba: Dzina la nyimbolo ndi limene linanena.

Nachisale wa ku Jozi: ine pamenepa ndili mbali ya aphunzitsi. Kuno ku Jozi nthawi yomweyomweyo ya 1994, 1995 anyamata a ku Soweto ankatenga house yochokera ku Chicago ndi ku London nkuichepetsa liwiro nkuikamo Chizulu ndi tsotsitaal, kwaito inabadwa choncho, Boom Shaka, Arthur, a Kalawa onse aja. Africa yeniyeni yoyimba pa makina inalipo, ndi mawu omveka, okamba za moyo wa m'ma township. Magazini a ku London analemba masamba angati za iwowo chaka chimenecho? koma wina akangobwebweta pa ng'oma basi waphatikiza zikhalidwe

Ankolo Vinyl: Achemwali zimenezo ndi zoona ndipo zimawawa, koma mlanduwo ndi wa olemba, si wa chimbale. Tamverani Afro-Left yomweyo bwinobwino poyambira pake, kachingwe kakulira kaja ndi berimbau, uta wa waya wokhala ndi chikho umene amayimba ku Brazil posewera capoeira, ndipo unapita kumeneko ndi akapolo ochokera cha ku Angola. Nde mukafuna Africa mu nyimbo imeneyo ili m'chingwemo kuposa m'kamwa mwa woyimbayo.

Tada wa ku 25: eee ankolo apa nde mwandipatsa chomvera, ndimayesa ndi gitala yowonongeka

Ras wa ku Chileka: Komanso musaiwale nyimbo yomaliza. 21st Century Poem akulakatula ndi Lemn Sissay, mayi ake ndi a ku Ethiopia, iye anabadwira ku England nkuleredwa ndi boma m'manja mwa anthu ena, anakula osadziwa dzina lake lenileni mpaka atakula. Pambuyo pake anadzakhala Chancellor wa University of Manchester. Ameneyo mawu ake ndi omveka ndipo ndi olemera, akufunsa mafunso okhaokha za zomwe anthu akuwononga. Chimbale chimayamba ndi rasta kupempha mtendere ndi umodzi nkutha ndi ndakatulo imeneyo. Anthu amangokumbuka Lydon akukuwa pakati.

Aphunzitsi a ku Zomba: Imeneyo ndiye nyimbo yomwe ndimaikonda pa chimbale chonse, ndipo ikutsimikiza zomwe ndikunena, ankatha kupeza munthu wa mawu enieni akafuna.

Kamnyamata ka Mixer: aphunzitsi mumangotembenuza chilichonse kuti chikhale mbali yanu kkkkk ana a sukulu amalimba nanu bwanji

Admin: Tikambirane za nyimbo chonde osati za ntchito za anthu

Tada wa ku 25: nanga ngati chinali chabwino choncho chinawina mphoto?

Ankolo Vinyl: Chinalowa pa mndandanda wa Mercury Prize ya 1995 koma sichinawine, inatenga ndi Portishead ndi chimbale chawo Dummy. Chaka chimenecho mpikisano unali woopsa, munali Oasis ndi Definitely Maybe, Tricky ndi Maxinquaye, PJ Harvey, Supergrass, Elastica. Ine sindidandaula kuti Dummy inawina, ndi chimbale chabwino, bola sanapatse Oasis. Zaka ziwiri kenako 1997 Roni Size ndi Reprazent a ku Bristol anawina ndi New Forms, drum and bass yeniyeni, kugonjetsa OK Computer ya Radiohead, anthu a magitala mpaka lero sanakhululuke.

Nachisale wa ku Jozi: kkkk bola sanapatse Oasis, ankolo ku Manchester komweko kwawo kwa Oasis akuthamangitsani

Ankolo Vinyl: Andipeza. Chinanso chomwe achinyamata simungachione mukangomvera pa Spotify ndi nyengo yomwe chinatulukira. 1992 kunachitika phwando lalikulu la ulere ku Castlemorton Common ku England, anthu masauzande ambiri pa thengo pafupifupi sabata yathunthu nyimbo osazima, nyuzipepala zinakwiya, boma la John Major linabweretsa lamulo la Criminal Justice and Public Order Act mu 1994. Lamulo limenelo linapatsa apolisi mphamvu yobalalitsa anthu 100 kapena kuposa osonkhana panja usiku pa nyimbo, ndipo analembamo ndithu kuti nyimbo zake ndi zija za kugunda kobwerezabwereza. Tangoganizani nyumba ya malamulo kukhala pansi kufotokoza mtundu wa ng'oma. Nde miyezi yochepa chabe lamulo litadutsa, chimbale cha kugunda kobwerezabwereza komweko chili pa nambala 3, chikugulitsidwa m'mashopu a m'tauni, makolo akugulira ana awo. Olemba ena ankachitama ndi mtima umenewonso, woti onani zomwe mukuletsazi ndi luso.

Aphunzitsi a ku Zomba: Apo ndavomera, ndale zinathandiza. Koma zikutanthauzanso kuti matamando ena anali a nyengo, osati a nyimbo. Space Shanty ndi Storm 3000 ukazimvera lero zikumveka 1995 yeniyeni, zakalamba. Black Flute ndi kugunda basi.

Kamnyamata ka Mixer: Storm 3000 yakalamba ndivomere. Koma Space Shanty musayiyambe aphunzitsi, momwe imakwerera pang'onopang'ono ija, akuwonjezera kanthu kamodzi kamodzi kenako nkuchotsa zonse kusiya anthu m'malere kenako ng'oma nkubwerera, ma producer a lero akupangabe zomwezo pa laputopu ndi ma plugin a ulere ndipo ambiri sakufikapo. Iwowo ankapanga ndi ma sampler okumbukira masekondi ochepa, desiki yaikulu, manja anayi pa ma fader

Mai a Mapasa: ine yomwe yandigwira ndi Original, mawu a mtsikanayo ozizira ngati sakufuna kuyimba koma akukulowa. Ndayika pophika madzulo ano mapasa akuti amama mwayamba nyimbo za mafilimu oopsa

Tada wa ku 25: 😂😂

Mlamu wa ku Nkhata Bay: Ndafika mochedwa ndawerenga zonse. Ine ndingowonjezera kuti nyimbo za makalabu a ku England zimenezi zinatifikako ndithu kuno kunyanja. Lake of Stars yoyamba ya 2004 inachitikira ku Chintheche, ndipo amene anaiyambitsa Will Jameson ankayendetsa usiku wa dansi ku Liverpool wotchedwa Chibuku Shake Shake, dzina analitenga pa chibuku chathu chomwechi atakhalako kuno. Ma DJ a ku UK ankabwera ndi nyimbo za mtundu umenewu, ife tili pa mchenga tikudabwa kuti nyimbo yopanda mawu mphindi 8 anthu akuvina chani, kufika pakati pa usiku tonse tili momwemo

Ras wa ku Chileka: nde onani kusiyana aphunzitsi, uyu anatenga dzina la chibuku koma anabwera nacho chinthu kuno kkkk

Aphunzitsi a ku Zomba: Eya, ndipo chibuku ndi liwu lenileni, lili ndi tanthauzo, mukhoza kukagula.

Kamnyamata ka Mixer: mdala uyu sagonja 🙌

Nachisale wa ku Jozi: chabwino ndibwereka ma headphone a mwana wanga ndiyambirenso, koma ndikagonanso pa Melt musandinene. Kodi anatulutsanso china kapena anathera pompo

Ankolo Vinyl: Anatenga zaka zinayi, Rhythm and Stealth inatuluka 1999 nkufika pa nambala 1, nayonso inalowa pa Mercury ya 2000. Ndi yolimba, yamdima, dub yachepa techno yachuluka. Muli Phat Planet imene inali pa advert ya Guinness ya mahatchi otuluka m'mafunde, ndi Afrika Shox imene akuyimba Afrika Bambaataa. Anasiyana 2002, Barnes anadzadzutsa dzinalo 2010 popanda Daley, ndipo 2017 anatulutsanso Leftism yokonzedwanso mawu pamodzi ndi ma remix, anaitcha Leftism 22. Mukafuna kumvera pa zida zabwino yambani ndi imeneyo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Afrika Shox. Mwaona? Anabwerezanso.

Ras wa ku Chileka: aphunzitsi limenelo ndi dzina la Bambaataa mwini wake wa ku Bronx, kamutengereni iyeyo ku khoti

Tada wa ku 25: nde ine pa playlist yanga ya zaku Africa ndiichotse kapena ndiisiye

Aphunzitsi a ku Zomba: Chotsa.

Mai a Mapasa: isiye mwana iwe ukavina ndani akufunse pasipoti

Kamnyamata ka Mixer: ankolo mbali yokhandika ya vinyl yanuyo ndi iti, ngati si ya Inspection December mukamabwera munyamule, turntable ndibwereka